Kalembedwe ka nkhani yopeka ya sayansi yochitikira m'phiri la Mulanje

Achinyamata ambiri akafuna kulemba nkhani yokamba za kuopsa kwa makina amathamangira ku maloboti owombera anthu ndi mizinda yamagalasi imene sanaionepo, ndipo wowerenga wa pa Chitakale amaisiya tsamba lachiwiri lisanathe. Chonsecho zofunika zonse zili konkuno: phiri lofika mamita 3,002 pa Sapitwa, mitsinje yodzaza m'kanthawi kochepa, chifunga, ndi anthu amene tsopano amadalira foni pa ndalama, pa za nyengo, ngakhale pofuna njira. Malangizo awa ndi a munthu wofuna kulemba nkhani ya mawu pafupifupi 4,000, yoti wowerenga mtima ukhale m'mwamba, yothekanso kuiwerenga pa wailesi. Lamulo lake n'lakuti makina alephere pa chifukwa choona, phiri nalo lichite zimene limachitadi. Zotsalazo pekani mmene mungafunire.

Makina akhale amodzi

Sankhani chipangizo chimodzi chokha, choti chilipo kale kapena chikhoza kufika m'zaka 10 kapena 15 zikubwerazi. Posankha simusowa. Madroni si achilendo kuno: boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madroni ku Kasungu mu 2017. Ku Ndata m'boma la Thyolo kuli yunivesite ya sayansi ya MUST, kumene mpangankhani wanu angakhale kuti anaphunzira za uinjiniya. Ku Bondo anthu amayatsa magetsi ochokera m'madzi a mtsinje wa Lichenya. M'phiri momwemo mwakhala mukuchitika kafukufuku wa miyala ya bauxite. Chilichonse mwa izi mukachisendeza patsogolo pang'ono chimabala nkhani.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Chaka ndi 2038. Kampani ina yaika timakina toyeza madzi pa milatho ya mitsinje yotsika m'phiri. Kamakina kalikonse kali ndi zigawo zinayi: choyezera kukwera kwa madzi, kasola, batire, ndi kachipangizo kotumiza manambala kudzera pa netiweki ya foni. Manambalawo amapita ku kompyuta ya m'tauni, imene imaweruza yokha n'kutumiza uthenga m'mafoni a anthu, woti athawe kapena akhale. Kwa zaka 5 sinaphonyepo.

Musanalembe chiganizo choyamba, yankhani funso ili papepala: makinawa atabwera, anthu anasiya kuchita chiyani? Kale nyakwawa inkatuma anyamata kukasuzumira mtsinje usiku mvula ikakula. Pano palibe amapita. Komiti ya m'mudzi yoona za ngozi inali ndi wezulo ndi chimkuzamawu. Pano zili m'katoni kuseri kwa ofesi ya mphunzitsi wamkulu, mabatire anachita dzimbiri kalekale. Ngozi ya nkhani yanu yabisala m'zinthu zosiyidwazi, choncho zionetseni koyambirira, mongodutsa, wowerenga asadziwe kuti adzazifuna.

Kampaniyo musaitche dzina la kampani yeniyeni. Ipekereni lake, kapena anthu azingoti "a kampani aja".

Kulephera kwake

Apa ndi pamene nkhani zambiri zimafera. Mlembi amangoti kompyuta yapenga, kapena munthu woipa wailowerera. Zoterezi siziopsa, chifukwa wowerenga sangazione zikubwera. Choopsa ndi makina amene akugwira ntchito yawo bwinobwino, monga anauzidwira, koma akutsogolera anthu ku imfa.

Mvula ikagwa masiku atatu osaleka, dothi la m'mbali mwa phiri limakhuta madzi, limalemera, n'kuleka kugwirana ndi thanthwe la pansi pake. Likagumuka limatsika ndi miyala ndi mitengo yomwe, ndipo nthawi zina limakatseka mtsinje pamalo pamene chigwa chapanikizika. Kuseri kwa chotsekacho madzi amayamba kudikha. Kumunsi, pa mlatho, madzi amachepa. Choyezera chija chiwerenga zoona zokhazokha: madzi atsika ndi masentimita 40 m'mphindi 20. Kompyuta inaphunzitsidwa kuti madzi akamatsika ndiye kuti zoopsa zadutsa, choncho itumiza uthenga woti anthu amene anathawira kusukulu abwerere m'makomo. Komatu mtsinje wochepa mwadzidzidzi mvula ili mkati mogwa, makamaka utasanduka matope, ndi chizindikiro chodziwika choti kumtunda kwatsekeka. Munthu wokulira m'mphepete mwa mtsinje wa m'phiri akhoza kuzindikira zimenezi. Kompyuta palibe anaiuza.

Tsono werengerani kukula kwa chimene chikubweracho, ngakhale manambala ambiri sadzalowa m'nkhani. Madzi odzaza malo a mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya amalemera tani imodzi. Akasakanikirana ndi matope ndi miyala amayandikira matani awiri. Dziwe la mamita 100 m'litali, 30 m'lifupi ndi 5 kuya lasunga matani 15,000 a madzi. Chotseka chikaphulika, matope otsika m'chigwa chotsetsereka amatha kuthamanga mamita 10 pa sekondi, nthawi zina kuposa apo. Mudzi ukakhala makilomita 3 kumunsi, anthu ali ndi masekondi 300, zomwe ndi mphindi 5. Nambala imeneyi yokha ndiyo muipereke kwa wowerenga, ndipo muipereke msanga.

Zizindikiro zina zoti ampangankhani aziona kapena kumva: ming'alu yatsopano m'munda wa m'phiri, mitengo ndi mapolo zopendekeka, madzi otumphuka pamene panalibe kasupe, fungo la dothi longokumbidwa, kenako mkokomo ngati wa malole ambiri otsetsereka limodzi. Kothawira ndi cham'mbali, kukwera kuchoka m'chigwa. Wothamanga motsata mtsinje matope amamupeza, pakuti palibe munthu angathamange mamita 10 pa sekondi m'thope, usiku, mwana ali kumsana. Ngati mukufuna wina afe m'nkhaniyo, afe chifukwa cha cholakwa chimenechi, ndipo wowerenga adzakhala ataphunzirapo kanthu osauzidwa.

Izi si zongoganizira. M'Malichi 1991 chigumula chochokera m'phiri la Michesi chinapha anthu mazanamazana ku Phalombe. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy, amene anabadwira kufupi ndi Australia n'kukhala ndi moyo masiku 36, anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Phalombe ndi Mulanje. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti anafa, oposa 500 anasowa. Owerenga anu ambiri anaziona ndi maso. Mukanama adzadziwa.

Jambulani mapu, lembani maola

Tengani pepala lalikulu. Jambulani mudzi, mtsinje, mlatho, sukulu, malo otsekeka aja, ndi njira yokwera phiri. Lembanipo mitunda. Ndiye ikani anthu anu: mtsikana wa kampani, amene wakwera kukakonza kamakina ka kumtunda, ndi mnyamata wonyamula katundu amene wamuperekeza. Awiriwa ndi amene aone dziwe lija ndi maso. Ntchito yawo ndi kufikitsa uthenga kumudzi chotseka chisanaphulike.

Ngati mukugwiritsa ntchito njira zenizeni, musazisokoneze. Ambiri amayambira pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango ndi operekeza alendo. Kuchoka apo kukafika kunyumba yogona alendo ya ku Chambe ndi maola 3 kapena 4 kukakhala kouma, kukwera pafupifupi mamita 1,000. Wofuna Sapitwa amagona ku Chisepo, n'kulawira m'mamawa. Kupita ndi kubwera kumadya gawo lalikulu la tsiku. Nyumba zina zili ku Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu ndi Madzeka. M'nyumbazi mumakhala mlonda, nkhuni ndi poyatsa moto. Musalembe za sitolo kapena nsanja ya netiweki pakhomo pake, pokhapokha mutanena kuti m'chaka chanu chopekacho zinamangidwa.

Pa njira yopeka werengerani motere: ola limodzi pa makilomita 4 kapena 5 alionse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Mvula ikamagwa wirikizani kawiri, chifukwa matanthwe osalala a m'phirimo akanyowa amaterera koopsa, ndipo kutsika kumavuta kuposa kukwera. Usiku wirikizaninso. M'Malichi dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, m'Juni itangodutsa 5 koloko, ndipo pakangotha mphindi 20 kapena 25 kumakhala kutada bii. Mpangankhani amene wanyamuka ku Chambe 4 koloko madzulo m'chimvula sangafike kumudzi kukuwala, kaya muli ndi changu chotani ndi nkhani yanu.

Nyengo musankhe imodzi. Namondwe ndi zigumula ndi za dzinja, makamaka Januwale mpaka Malichi. Chiperoni, chifunga chozizira chija chokhala ndi mvula yowaza masiku angapo, ndi cha miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti. M'Juni ndi Julayi pamwamba pa phiri usiku madzi amatha kuundana pa udzu. Moto wolusa m'tchire ndi wa chilimwe. Kuika zonsezi m'sabata imodzi ndi kuuza wowerenga kuti simunakhaleko kuno. Nazo nyama: m'phirimu mulibe mikango kapena njovu. Muli anyani, mbira, njoka. Chopha anthu kwenikweni ndi kuzizira, kugwa ndi madzi.

Zipangizo zife motsatana

Mphamvu ya nkhani yotere imachokera m'kulanda mpangankhani zida zake chimodzichimodzi, chilichonse pa nthawi yake. Zikafa zonse kamodzi nkhani yatha pomwepo. Lembani tebulo la maola kumanzere, zipangizo pamwamba, ndipo muzidzaza zimene zatsala ola lililonse.

Magetsi ndiwo amayamba, mapolo akagwa kapena malo opangira magetsi akawonongeka, monga zinachitikira ku Kapichira ndi namondwe wa Ana m'Januwale 2022. Netiweki siifa nthawi yomweyo. Nsanja imakhala ndi mabatire osunga maola angapo, ina ndi jenereta. Jenereta imafuna dizilo, dizilo amabwera pa galimoto, galimoto imafuna mlatho. Choncho netiweki imayamba kudukaduka, kenako n'kuzimiratu patapita maola ambiri kapena tsiku. Ikamapita imatenganso ndalama za pafoni, ndipo munthu wokhala ndi K200,000 m'foni amalephera kugula mtolo wa nkhuni. Pa chitsanzo chathu izi zikukupatsani mphatso yowawa: uthenga womaliza kufika m'mudzi netiweki isanafe ndi uja woti bwererani kunyumba, ndipo palibenso njira youbweza.

M'phiri, netiweki imapezeka kawirikawiri m'mphepete moyang'ana kuchigwa, m'makwawa n'kusowa. Pamene kuyimba kukukanika, uthenga wolemba umatha kudutsa, chifukwa umangofuna kulumikizana kwa masekondi ochepa. Foni yosakasaka netiweki imadya batire msanga, ndiye mpangankhani wodziwa zinthu amatseka mbali ya netiweki n'kumaitsegula pokhapo wafika pamtunda. GPS imagwirabe ntchito popanda netiweki, pakuti imamvera masetilaiti, koma mapu ayenera kukhala kuti anasungidwa kale m'foni. Apo ayi amangoona kadontho pa galasi lopanda kanthu. M'chigwa chopanikizika ndi matanthwe kadonthoko kamatha kuphonya ndi mamita makumi angapo, ndipo m'chifunga, m'mphepete mwa phompho, mamita amenewo ndi ambiri. Galasi lonyowa silimvera chala. Kuzizira kumafooketsa batire, mwakuti foni yosonyeza 20 peresenti imatha kuzima yokha. Kuisunga mkati mwa malaya, pafupi ndi thupi, kumaithandiza. Pawabanki ya 10,000 mAh siidzaza kawiri foni ya 5,000 mAh, imathera pa kamodzi ndi theka kapena kucheperapo, chifukwa mphamvu ina imatayika potchaja. Kasola m'mitambo yokhuthala kamangopereka gawo limodzi mwa magawo 10 kapena 5 a mphamvu yake.

Musakhulupirire manambala a batire a munthu wina. Dzazani foni yanu, tsegulani mapu, yendani ola limodzi, muone zimene zapita. Nambala imeneyo ndi imene muike m'tebulo.

Kafoni ka mabatani ka mnyamata uja musakaiwale. Kamakhala masiku osatchaja, kali ndi tochi ndi wailesi, ngakhale kuti tambiri timafuna zomvera m'makutu kuti wailesiyo igwire. Ndiko kotsala zonse zitafa.

Droni ndi imene alembi amanamira kwambiri. Yaing'ono yojambula imauluka mphindi 20 mpaka 35 pa batire limodzi, ndipo pamwamba pa phiri, pamene mpweya ndi wopepuka komanso kukuzizira, nthawiyo imachepa. Mphepo ikapitirira pafupifupi mamita 10 pa sekondi imalephera kulimbana nayo. Zambiri sizinapangidwire mvula. Ikataya kulumikizana ndi woiyendetsa imakwera kufika pa msinkhu umene anaiikira n'kulunjika kumene inanyamukira. Ngati pakati pali thanthwe lalitali kuposa msinkhuwo, ndipo zoonera zake zaphimbidwa ndi chifunga, imakaliwomba. Kamera yoona kutentha kwa thupi siiona kudutsa mwala kapena masamba owirira, ndipo chifunga chimaifooketsa. Masana miyala yotenthedwa ndi dzuwa imaoneka ngati anthu, choncho nthawi yabwino yosakira ndi mbandakucha. Munthu wobisala mvula pansi pa thanthwe droni imamudutsa pamutu osamuona, iye akuimva. Ndime imeneyo ilembeni mosathamanga.

Thupi la munthu

Mukamakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse. Pakati pa boma la Mulanje ndi nsonga ya Sapitwa pali kusiyana kwa madigiri pafupifupi 15, osawerengera mphepo. Ngakhale m'dzinja, munthu wonyowa, wanjala, wowombedwa ndi mphepo pa madigiri 10 akhoza kufa ndi kuzizira. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anafa motero atasochera potsika ku Sapitwa.

Kuzizira kumakhala ndi dongosolo lake, ndipo ndi dongosolo lothandiza mlembi. Thupi likatsika pansi pa madigiri 35 munthu amanjenjemera kwambiri. Zala zimakanika kumanga zingwe za nsapato kapena kutsegula zipi. Amayamba kupunthwa, lilime kulemera ngati woledzera, kukwiya popanda chifukwa, kuganiza mopotoka. Kenako kunjenjemera kumaleka, mnzake n'kumayesa kuti wapeza bwino, pamene zafika poipa. Ena pamenepo amavula zovala akumva ngati kwatentha. Ngati nkhani ikufotokozedwa ndi munthu amene akuzizidwayo, ziganizo zake zifupike ndi kusokonekera pang'onopang'ono, iye osazindikira.

Chithandizo cholondola: kumuchotsa pamphepo, kumuvula zonyowa, kumuyalira udzu, masamba kapena chikwama kuti asagone pa mwala, kumufunda mutu ndi chifuwa, kugona momukumbatira, ndi kumupatsa chakumwa chofunda cha shuga ngati akutha kumeza. Kachasu ayi, amatulutsa kutentha kwa m'kati kupita pakhungu. Kumutikita manja ndi miyendo mwamphamvu ayinso. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa zimaba kutentha. Thumba la feteleza loboola pamutu limateteza bwino kuposa jekete lokongola losatchinga madzi. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha mwakachetechete ndi mpweya wopanda fungo.

Powoloka mtsinje, madzi othamanga ofika m'mawondo ndi okwanira kugwetsa munthu wamkulu. Wodziwa amamasula malamba a chikwama, kuyang'ana kumene madzi akuchokera, kutsamira ndodo, kusuntha phazi limodzi lina litakhazikika. Chingwe sadzimanga m'chiuno, chifukwa akagwa chimamukanikizira pansi pa madzi. Mitsinje ya m'phiri imatsika pakapita maola ochepa mvula italeka, ndiye nthawi zambiri nzeru ndi kudikira. Koma ampangankhani anu alibe maolawo, ndipo mkangano wawo waukulu ukhoza kubukira pamenepa. Za mphezi: werengani masekondi kuchokera pa kung'anima kufikira bingu, gawani ndi 3, mwapeza makilomita.

Njala musaikulitse. Munthu safa ndi njala m'masiku awiri. Chigumu, nthochi, mtedza kapena chinangwa chophika m'jumbo ndi zokwanira, ndipo madzi m'phirimo ndi ambiri.

Anthu ndi pakamwa pawo

Msampha wa nkhani ngati iyi ndi kuisandutsa ulaliki wa "mawu a akulu akoma akagonera", wophunzira akhale chitsiru, wam'mudzi adziwe zonse. Imeneyo ndi nthano ya ana. Aliyense adziwe theka. Mnyamata akudziwa njira yodulira ndi thanthwe lobisalapo, koma akufuna kumupatsa kachasu munthu wozizidwa. Mtsikana sakudziwa njira, koma akudziwa kuti batire la kamakina koyezera kaja ndi la mavolti 12 ndipo likhoza kudzutsa chimkuzamawu, kapena kuti akaphimba choyezera cha pa mlatho ndi thabwa, kamakinako kadzayesa kuti madzi afika pamwamba n'kuliza chenjezo. Kunamiza makina kuti anene zoona ndi mathero abwino kuposa kuwaphwanya ndi mwala, bola mukhale kuti munaonetsa koyambirira mmene choyezeracho chimagwirira ntchito, komanso kuti pa mlathopo pali belu lolira lokha losadalira netiweki.

Sayansi isatuluke ngati phunziro la m'kalasi. Itulukire m'kukangana:

"Achimwene, musade nkhawa. Foni ikuti madzi atsika."

"Atsika apita kuti, achemwali? Mvula yonseyi?"

Mafunso awiri amenewa agwira ntchito ya ndime yathunthu. Kumudzi nako:

"Anganga, nyamukani, uthenga wabwera. Akuti tizipita kunyumba."

"Tsogolani ndi uthenga wanuwo. Mtsinje ukati zii chonchi ine sindisuntha."

Samalani maitanidwe. Mnyamata wolembedwa ganyu sanganene "iwe" kwa amene wamulemba, ngakhale ali wamng'ono kwa iye. Tsiku limene adzatero, mwina pomukalipira kuti asagone m'chisanu, wowerenga adzamva kuti zinthu zasintha pakati pawo. Kuno kuli Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao. Liwu limodzi kapena awiri a Chilhomwe m'kamwa mwa nkhalamba ndi okwanira, ndipo mufunse wodziwa musanalilembe.

Za Napolo muzigwire ndi ulemu. Kwa ambiri chigumula chotere ndi Napolo akusamuka m'phiri, ndipo nkhani za mizimu ya m'phirimu anthu anakula nazo. Chikhalidwe chimenechi n'chimodzi mwa zimene UNESCO inaona poika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Musapange injiniya wanu kuimirira n'kutsutsa agogo pagulu, komanso musatulutse chinjoka chenicheni kumapeto ngati nkhani yonse yayenda ndi manambala. Agogo anene kuti Napolo, mtsikana anene kuti dothi lakhuta madzi, onse athawire mbali imodzi.

Kugawa mawu ndi kukonza

Pa mawu 4,000, perekani pafupifupi 600 ku chiyambi: makina akugwira ntchito, anthu akuwayamikira, wezulo ali m'katoni. Mawu 800 otsatira akhale a ulendo wokwera ndi kusintha kwa nyengo. Dziwe lotsekeka lioneke mawu 1,500 asanakwane. Mukachedwa kuposa apo wowerenga watopa. Gawo lalikulu, mawu ngati 1,800, ndi la kutsika, mosinthanasinthana ndi zochitika kumudzi, kumene anthu akumanga katundu kubwerera. Pampondachimera pakhale paziganizo zazifupi. Zotsatira zake zisapitirire mawu 300.

Kupulumuka kukhale ndi mtengo wake: mwendo, nyumba, munthu mmodzi amene wowerenga anamukonda. Helikopita isabwere kudzathetsa zonse, poti m'chifunga chotsika ndi mphepo ya namondwe siingayandikire phiri. Ndipo chonde, mpangankhani asadzidzimuke n'kupeza kuti anali maloto.

Mukamaliza, isiyeni nkhaniyo sabata. Pobwerera gwirani tebulo lija kudzanja lina, muwerenge mzere ndi mzere. Foni imene inali pa 12 peresenti 7 koloko isapezeke ikuwunikira njira mpaka pakati pa usiku. Munthu amene anathyoka mwendo pa tsamba 6 asathamange pa tsamba 9. Zovala zimene zinanyowa zikhalebe zonyowa mpaka wina atayatsa moto, ndipo nenani kumene anapeza nkhuni zouma. Fufutani nambala iliyonse imene mpangankhani sakanaiganizira pa nthawiyo.

Kenako iwerengeni mokweza pamaso pa anthu awiri: woperekeza alendo wa pa Likhubula kapena aliyense wozolowera phirilo, ndi munthu wokonza mafoni kapena masola pamsika. Musawafunse ngati yawasangalatsa, adzangovomera. Afunseni pamene pali bodza. Woyambayo adzakuuzani kuti njira imene mwalemba siidutsa pamenepo, wachiwiriyo kuti batire lotero silingalumikizidwe popanda waya wakutiwakuti.

Mudzi wokokolokawo upekereni dzina, ndipo mufufuze kuti dzinalo si la mudzi weniweni wa ku Mulanje, Phalombe kapena Thyolo. Musatenge dzina kapena nkhani ya banja limene linataya anthu mu 1991 kapena 2023, ngakhale mutasintha zilembo zingapo. Ngati wopulumuka wakufotokozerani zimene anaona ndipo mukufuna kugwiritsa ntchito kanthu kena, mupempheni kaye, musinthe zonse zomuzindikiritsa, ndipo mumuwerengere ndimeyo isanapite kwa mkonzi kapena kuwailesi.